Sukulu Yosalemba Mayeso

Felistus ndi Mwanaima anadziwana pampopi, chaka chimene madzi a m'mapaipi anafika ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka. Felistus kwawo kunali ku Kasama, ndipo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kumene ankapita wapansi m'mawa uliwonse. Mwamuna wake ankayendetsa malole pamsewu wa ku Tanzania, moti pakhomo ankangooneka ngati mlendo. Mwanaima anali mkazi wa Twaha, telala wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Nyumba ziwirizo zinayang'anizana, pakati pake kanjira kongokwana wilibala. Ankabwerekana mchere, kupalirana moto, ndipo kukamveka kuti kusitolo ya boma kwabwera sopo kapena mafuta ophikira, wina ankathamanga kukaimira mnzake pamzere.

Aliyense anali ndi mwana wamkazi. Wa Felistus anali Chilekwa, wamkulupo, wochangamuka pakamwa ndi m'mutu momwe. Wa Mwanaima anali Chiku, wachibwibwi pang'ono, amene ukamufunsa funso ankayamba wayang'ana zala za kumapazi. Onse anayambira kusukulu ya boma, kumene ana ankaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, m'kalasi mochita kusowa popondera. Chilekwa ankatenga nambala wani kapena yachiwiri. Chiku ankakhala kumchira, ndipo atafika giredi 4, mphunzitsi anauza Twaha kuti mwanayo mutu ndi wouma. Twaha sanakangane naye. Anangomuchotsa n'kukamupereka kwa Ba Kasoma.

Ba Kasoma anali mphunzitsi wakale wa sukulu ya mishoni. Atasiya ntchito anatsegula sukulu yakeyake m'shedi momwe kale ankapaliramo matabwa, kuseri kwa owotcherera zitsulo. Ankaphunzitsa kuwerenga, masamu, Chingerezi, kusoka, komanso kutayipa pa makina akale amene chilembo chimodzi chinkakanirira. Ankalandira aliyense, wamng'ono ndi wamkulu yemwe, koma ana ake sankalemba mayeso a boma a giredi 7. Anthu m'komboni ankaitcha sukulu ya olephera.

Masiku amenewo Felistus ankamumvera chisoni Mwanaima, ndipo chisoni chimenecho chinkamukomera. Akamaona Chiku akutuluka m'mawa ndi diresi la buluu la kusukulu ya Ba Kasoma, limene bambo ake anasoka, ankapukusa mutu n'kunena mumtima kuti Mulungu sapatsa mofanana.

Kenaka Chilekwa analemba mayeso. Zotsatira zitatuluka, Felistus anapempha chilolezo kuntchito n'kupita yekha kusukulu atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Ahedi anamulandira bwino, koma maso awo sanali pa iye.

"Mwana wanu wakhoza, mayi," anatero. "Koma malo a Fomu 1 ni ochepa. Anasala pang'ono chabe kufika pamene anadulira."

"Manje apita kuti?"

"Kulibe kumene apite. Kubwereza sitilola, kumbuyo kuli anzake ambiri."

Felistus anabwerera kunyumba osadziwa njira imene wadzera. Mwezi usanathe Chilekwa anali atayamba kukazinga zitumbuwa n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu, beseni lili pamutu.

Tsiku lina madzulo Mwanaima anabwera ndi mbale ya mpunga wa nyemba, n'kukhala pakhonde.

"Amake Chilekwa, mwanayu wanzeru zedi, asangokhala," anatero. "Bwanji mukalankhule ndi a Kasoma? Satenga za zaka, satenganso za mayeso."

Felistus anamva ngati wamenyedwa khofi. Mwana wake, amene dzina lake ankalitchula pamaso pa sukulu yonse, akakhale benchi imodzi ndi Chiku?

"Wanga sanalephere," anayankha. "Malo ndiye anachepa. Kuja ni kwa amene analephera."

Mwanaima anakhalako pang'ono, n'kufunsa za mtengo wa makala, kenaka ananyamuka. Mbale ija Felistus anaibweza mawa lake mpunga uli momwemo, akuti m'mimba simunali bwino.

Patapita miyezi, Loweruka lina kumpopi kunali mzere wautali. Mayi wina amene mwana wake ankadwala chifuwa anatulutsa botolo la mankhwala la kuchipatala, n'kudandaula kuti waiwala zimene adokotala anamuuza, ndipo zolembedwa pabotolopo ndi zachizungu. Botolo linayenda m'manja mwa amayi angapo mpaka linafika kwa Chiku, amene anali kumbuyo ndi ndowa. Mtsikanayo anawerenga mokweza, pang'onopang'ono koma osakodwa, kenaka anamasulira: supuni yaing'ono, katatu pa tsiku, mwana atadya, ndipo botolo lisakhale padzuwa.

"Ni mwana wa ndani uyu?" wina anafunsa.

"Wa Ba Twaha, atelala. Aphunzira kwa Ba Kasoma."

"Uja wachibwibwi? Chibwibwi chinapita kuti?"

Wina anawonjezera kuti wamva zoti mwenye wina wa ku Kamwala akufuna mtsikana wodziwa kutayipa, ndipo Ba Kasoma alonjeza kumupatsa Chiku akakula pang'ono. Amayi anamuyamikira Mwanaima ngati wabereka mapasa. Iye ankangoseka ataphimba pakamwa ndi mpango. Felistus nayenso anaseka, chifukwa anthu ankamuona, koma ndowa yake inasefukira osazindikira mpaka wina anamugwira paphewa. Pobwerera anakumana ndi Chilekwa akupita kumsewu, nkhope ili mbuu ndi utsi wa mafuta.

Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse cha kutsidya kwa kanjira chinkamubaya. Akamva Chiku akuwerengera bambo ake nyuzipepala, nsanje inkamudya. Chinkamuwawa kwambiri chinali chakuti Chiku sanayesedwepo. Chilekwa anakhala m'chipinda cha mayeso, manja ali thukuta, anthu osamudziwa anamuyeza n'kumutaya. Uyu wa buluuyu palibe anamuyeza, koma ndiye ankatamandidwa. Felistus ankadziuza kuti si nsanje ayi, ndi chilungamo chimene akufuna.

Bwana wake ku Kabulonga anali Ba Musonda, mkulu wina woyendera sukulu. Masana ena kunabwera alendo, ndipo Felistus akuwathirira tiyi pakhonde, anamva akukambirana za mayeso. Ba Musonda ankanena kuti dziko limodzi liyenera kukhala ndi muyezo umodzi, mwana wa ku Mongu ndi wa ku Chipata ayesedwe mofanana. Alendo atapita, Felistus anachedwa dala pochotsa makapu.

"Bwana, kansi lamulo la mayeso ni la masukulu onse?"

"Onse. Wafunsiranji?"

"Ayi, kwathu kuli ina yosalemba. Aphunzitsi ake amati mayeso a boma ni vinthu vopanda ntchito."

Mawu omalizawo Ba Kasoma sanawanenepo pamaso pake, koma anatuluka mosavuta. Ba Musonda anatsitsa nyuzipepala.

"Lolemba m'mawa ukandilondolere," anatero.

Zimenezo Felistus sanaziyembekeze. Ankaganiza kuti mawu ake ayenda okha, iye ali kutali. Lolemba anakwera kumbuyo kwa galimoto ya boma, ndipo atayandikira komboni anapempha kuti atsikire pamphambano. Ba Musonda anakana, akuti tinjira ta kumeneko n'tosokoneza. Galimoto inalowa pang'onopang'ono pakati pa mabedi ndi mipando imene akalipentala anayala m'mbali mwa njira. Felistus anaweramitsa mutu, koma anadziwa kuti Kalingalinga yense wamuona. Twaha anali pakhonde la shopu yake, tepi ili m'khosi, ndipo anasiya kupalasa makina.

Pashedi paja Felistus anatsalira panja, pafupi ndi zenera lopanda galasi. Ba Kasoma, munthu wamtali wa imvi, wovala jekete lotha m'zigongono, analandira mlendoyo mwaulemu n'kumupatsa mpando wake.

"Ana anu amalemba mayeso kuti?" Ba Musonda anafunsa.

"Salemba, bwana. Ndimawayesa ndekha tsiku ndi tsiku. Ndidziwa amene wamva ndi amene sanamve."

"Inu mudziwa. Nanga dziko lidziwa bwanji? Mawa wina atsegula shedi yake, aphunzitsa zabodza, nayenso anena kuti adziwa."

"Zimenezo n'zoona," Ba Kasoma anavomera. "Koma onani amene ali muno. Ambiri ni amene mayeso anu anawataya, kapena akanawataya. Mwa ana khumi mumatenga awiri. Otsalawo ndiye ndimatola ine. Mukandiuza kuti ndiwaphunzitse za mayeso, ndiwabweza kumene anathawa."

"Ndipo mukawatseka muno opanda satifiketi, mwawatsekera khomo la sekondale. Alipo muno amene akanakhoza. Mwawafunsa?"



"Sukulu ino boma silinaikepo njerwa ngakhale imodzi," Ba Kasoma anatero motsitsa mawu.

"Ana ndiye a boma," Ba Musonda anayankha.

Apo m'pamene Felistus anasuzumira pazenera, kufuna kuona nkhope ya Chiku. Anamuona, ali kutsogolo. Koma kumbuyo, pakona, pa makina otayipira paja, panakhala Chilekwa, zala zili m'mwamba momwe anasiyira kutayipa. Beseni la zitumbuwa linali pansi pa benchi, lovindikira ndi nsalu. Mayi ndi mwana anayang'anana. Chilekwa ndiye sanaphethire.

Chigamulo chinali chachidule. Sukulu ilembetse ku boma, itsate silabasi, ndipo ana a msinkhu woyenera akalembe mayeso a giredi 7 chaka chomwecho kusukulu ya boma. Amene analemba kale ndiponso opitirira zaka sayenera kupezeka m'kalasi. Zikapanda kutero, shedi itsekedwa.

Madzulo Felistus atafika kunyumba anapeza Chilekwa akutsuka chiwaya.

"Unayamba liti kupita kuja?"

"Kalekale. Ndimagulitsa m'mawa kwambiri ni masana. Pakati ndimaphunzira, ndikamaliza ndimasesa shedi."

"Anakupereka ndani?"

"Amake Chiku."

Felistus anakhala pansi. Akanakonda kumva kuti mwanayo anapita yekha. Koma Mwanaima ndiye anamugwira dzanja, kumutengera kwa aphunzitsi, kumulankhulira ngati mayi wake, kenaka n'kumamupatsa iye moni pampopi tsiku lililonse osanena kanthu.

"Ine ndine mayi wako," anatero. "Osati uja."

"Ndinatsala pang'ono kutayipa osayang'ana zala," Chilekwa anayankha, n'kupitiriza kukwecha chiwaya.

Makolo anasonkhana pashedi Lamlungu lotsatira. Felistus sanapiteko, koma nkhani inamupeza. Akuti Ba Kasoma anafuna kukana, ati bola azikaphunzitsa pansi pa mtengo, koma makolo anaopa. Masiku amenewo munthu sankafuna kuti dzina lake limveke kwa tcheyamani wa chipani kuti akulimbana ndi boma. Ena, atamva kuti ana awo angathe kupita ku sekondale, anayamba kufunsa chifukwa chake sanalembetsedwe kale. Ba Kasoma anagonja. Ana akuluakulu anawauza kuti asabwerenso, ndipo ena mwa iwo anali ndi ndevu kale. Makina otayipira anawavindikira ndi thumba la ufa. Kusoka kunatha. Munthu ukamadutsa kuseri kwa owotcherera zitsulo unkangomva ana akuloweza pamodzi mayina a mitsinje ndi a mizinda, mawu a Ba Kasoma ali pambuyo ngati a munthu wotopa.

Mwanaima sanamufunse Felistus kanthu. Moni ankapereka, koma za mchere ndi moto zinatha. Kukabwera mafuta kusitolo, aliyense ankadziimira yekha pamzere.

Felistus anayamba kudikira. Ankawerengera mumtima kuti Chiku akangoona pepala la boma, chibwibwi chija chibwerera, ndipo amayi a pampopi adziwa kusiyana kwa kuwerenga botolo ndi kukhoza mayeso. Akamuona mtsikanayo akuonda, maso ali ofiira, mtima wake unkakhala m'malo pang'ono, kenaka ankachita manyazi n'kupemphera, koma mawa lake ankayang'ananso.

Tsiku lina anaweruka msanga kuntchito. Atalowa m'kanjira anamva mawu a Chilekwa akuchokera pakhonde la Mwanaima.

"Usayambe ni funso lovuta, lidzakudyera nthawi. Ukaona mayankho anayi, yamba wachotsa awiri opusa. Amakonda kubisa loona pakati pa ofanana. Tiye, bwereza."

Atsikana awiriwo anali atakhala pamkeka, mitu itagundana pa buku lakale la Chilekwa, lija Felistus analikutira yekha ndi pepala la simenti. Mwanaima anali pambali akusankha mpunga. Felistus anaima.

"Chilekwa, tiye kunyumba."

"Ndibwera, tikamaliza."

Chilekwa sanakweze mawu, ndipo sanadzuke. Felistus anaona kuti akaumirira, anthu atuluka m'nyumba kudzaonerera, ndipo wochita manyazi akhala iye. Analowa m'nyumba yekha. Kuyambira pamenepo Chilekwa ankapita kutsidya madzulo alionse, osabisanso. Zonse zimene anaphunzira m'zaka zake za kusukulu ya boma, machenjera onse a mayeso amene iye sanamupulumutse, anazikhuthulira mwa Chiku.

Mayeso analembedwa nyengo yotentha, mvula isanagwe. Ana a Ba Kasoma anayenda pamzere kupita kusukulu ya boma, madiresi ndi malaya a buluu pakati pa mayunifolomu a eni sukulu, amene ankawaseka. Zotsatira zinatuluka chimanga chili m'mawondo. Mwa ana onse a m'shedi anasankhidwa atatu okha, ndipo mmodzi anali Chiku. Anamupatsa malo kusukulu ya atsikana yogonera konko, kutali ndi Lusaka.

Felistus anamva nthungululu ali m'nyumba, ndipo sanafunse kuti n'zachiyani. Anakhala pabedi, manja ali pamiyendo. Anaganiza za tsiku lija pakhonde la ku Kabulonga, makapu ali m'manja. Akanangotseka pakamwa, Chiku akanakakhala kuseri kwa kauntala ya mwenye ku Kamwala, basi. Khomo la sekondale, limene linamukana mwana wake, analitsegulira mwana wa mnzake ndi lilime lake lomwe.

Dzuwa litapendeka Mwanaima anagogoda. Anali atavala mpango watsopano. Sanakhale pansi.

"Amake Chilekwa, ndabwera kudzathokoza. Mwana wanu ndiye wamukhozetsa Chiku. A Twaha akuti amusokera diresi."

"Madiresi ali nawo."

"Ndithokozenso inu," Mwanaima anapitiriza. "Mukanapanda kubwera ndi galimoto ija, sakanalemba."

Felistus anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akumunyoza. Nkhope ya Mwanaima inali yosalala ngati madzi a mumtsuko, ndipo mpaka lero Felistus sadziwa chimene mayiyo ankatanthauza.

"Koma aja anachotsedwa aja," Mwanaima anatero ali pakhomo, "ena ayamba kale kumwa kachasu. Mwina mwawaona."

M'miyezi yotsatira mbiri ya ana atatu aja inafika mpaka kukomboni ya Mtendere. Makolo amene kale ankaitcha sukulu ya olephera anayamba kubweretsa ana awo kuti Ba Kasoma awakonzekeretse mayeso, mpaka anawonjezera chipinda china cha malata. Makina otayipira anagulidwa ndi munthu wina wolembera anthu makalata kupositi. Felistus anakumana nawo Ba Kasoma kamodzi pamsika, ndipo anafuna kuwazemba, koma iwo anamupatsa moni.

"Ndamva sukulu yakula," Felistus anatero, posowa chonena.

"Yakula," anavomera. "Ana achuluka, ena sindiwadziwa ni maina. Chilekwa ali bwanji? Anali ni zala zabwino mwana uja."

Zonsezi zisanachitike, Chilekwa anali atapempha kale kupita ku Matero kwa azakhali ake, amene anali ndi kantini pafupi ndi msika. Felistus anamukaniza kawiri, kachitatu analola. Mtsikanayo anangodikira kuti aperekeze mnzake.

Tsiku lonyamuka Chiku, kanjira kanadzaza anthu. Twaha anali atagula sutikesi yachitsulo, n'kulembapo dzina la mwana wake ndi penti yoyera. Felistus anayamba waonera pakatani. Kenaka anaganiza zimene amayi a pampopi anganene akapanda kutuluka, ndipo anamanga chitenje n'kupita kukagwira chogwirira chimodzi cha sutikesi ija. China anagwira Mwanaima. Anayenda choncho mpaka pamsewu waukulu, katundu akulendewera pakati pawo, osalankhulana. Chilekwa ndi Chiku anali patsogolo, atagwirana manja.

Basi itafika, Chiku anagwada n'kutsanzika akuluakulu mmodzimmodzi. Atafika pa Felistus anati, "Tsalani bwino, amayi," osachita chibwibwi ngakhale pang'ono. Felistus anamuuza kuti akalimbikire, ndipo mawuwo anatuluka bwinobwino.

Pobwerera Mwanaima anayamba kulira. Analira njira yonse, akudandaula kuti mwanayo sanagonepo kunja kwa nyumba, kuti kumeneko akamudyetsa zosayenera, kuti nyumba ikhala zii. Amayi anamuzungulira, ena akumugwira m'mapewa, ena akumuuza kuti ameneyo ndiye adzamusunge pa ukalamba. Felistus ankayenda pambuyo pawo, manja ali kumsana. Ankayang'ana mapewa a Mwanaima akugwedezeka, ndipo anapeza kuti ngakhale misozi imeneyo akuisirira.